M'mimba mwa Kasinja

Akuluakulu akale adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambi umenewu umandifikira nthawi zonse ndikaona chithunzi cha kasinja, galimoto yankhondo ija yoyenda pa malamba achitsulo. Poyang'ana kunja, kasinja ndi chinthu chogometsa: chitsulo chokhachokha, mzinga uli chiloze kutsogolo, wosaopa chitsa kapena dzenje. Achinyamata ambiri amachita naye chidwi, ndipo m'maiko ambiri muli anthu, ana ndi akulu omwe, amene amatha miyezi akulumikiza tizidutswa ta pulasitiki kuti apange chifaniziro chaching'ono cha kasinja chokwana m'manja. Ena mwa amisiri amenewa sakhutira ndi kunja kokha. Amapanganso za m'kati monga injini, mipando, mabokosi a zipolopolo, ngakhale mawaya a magetsi, zinthu zimene zimabisika chifanizirocho chikatsekedwa. Kuti timvetse chifukwa chimene munthu wanzeru zake angadzivutitsire chotere, tiyenera kubwerera ku chiyambi cha kasinja weniweni.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idabuka m'chaka cha 1914. Ndi nkhondo yomweyi imene idamveka ngakhale ku Karonga m'mwezi wa Seputembala chaka chomwecho, koma kumene mwazi udayenderera koposa kudali ku Ulaya. Chaka chimenecho chisadathe, asilikali a Britain, France ndi Belgium mbali imodzi, ndi a Germany mbali inayo, adali atakumba ngalande zobisalamo kuchokera ku gombe la nyanja ku Belgium mpaka ku malire a Switzerland, mtunda wa makilomita pafupifupi 700. Pakati pa ngalande za adani awiriwa padali waya waminga woyalidwa mizeremizere, ndipo kuseri kwa wayayo kudali mfuti zachiwaya zolavula zipolopolo mazanamazana pa mphindi imodzi. Msilikali akatuluka m'ngalande kuti athamangire adani, ankakodwa mu waya ngati mbewa pa msampha. Anthu zikwizikwi ankafa polimbirana kadera kosaposa minda ya mudzi umodzi.

Atsogoleri ena adazindikira kuti padafunika chinthu chokhoza kupondereza waya, kuwoloka ngalande ndi kutchinga zipolopolo. M'mwezi wa Febuluwale 1915, Winston Churchill, amene pa nthawiyo adali nduna yoyang'anira asilikali a pamadzi ku Britain, adakhazikitsa kabungwe kofufuza za chombo choyenda pa mtunda. Ntchito yopanga chombocho idaperekedwa kwa kampani ya William Foster mu mzinda wa Lincoln, kampani imene kufikira nthawi imeneyo inkadziwika ndi makina a ulimi monga opunthira tirigu. Mkulu wa kampaniyo, William Tritton, adagwirizana ndi Walter Wilson, katswiri wa makina wa m'gulu la asilikali a pamadzi. Galimoto yawo yoyamba, imene idapatsidwa dzina loti Little Willie, idayenda mu Seputembala 1915. Idali ngati bokosi lachitsulo lokhazikidwa pa malamba aafupi, ndipo sikadatha kuwoloka ngalande yotakata.

Apa ndi pamene chifaniziro chikulowa m'mbiri yathu. Wilson adaganiza zoti malamba azizungulira thupi lonse la galimoto, kukwera kutsogolo ndi kutsikira kumbuyo, kuti mphuno yake ikhale yotukuka. Maganizo otere adali ovuta kuwamvetsa pa pepala, choncho amisiri adakhoma chifaniziro cha matabwa cha msinkhu weniweni, ndipo mwezi womwewo wa Seputembala adachionetsa kwa akuluakulu. Iwo ataona ndi maso adalola kuti chachitsulo chipangidwe. Tinganene tsono kuti pa kubadwa, chifaniziro ndi chachikulu kwa kasinja mwiniwake. Wachitsuloyo, amene adamutcha Mother, adayenda mu Januwale 1916, ndipo pa 2 Febuluwale adamuyesa pamaso pa nduna ndi akazembe ankhondo ku Hatfield Park. Zimamveka kuti Lord Kitchener, nduna ya zankhondo, sadatengeke mtima, ndipo adangoti chidali chidole chokongola. Anzake adaona mosiyana, ndipo boma lidalamula kuti apangidwe akasinja 100, kenaka lidawonjezera kuti akhale 150. Pofuna kusunga chinsinsi, adafalitsa kuti zimene zinkapangidwazo zidali mathanki a madzi. N'chifukwa chake mpaka lero Angerezi amatchula kasinja ndi mawu omwewo otchulira thanki ya madzi.

Tsono tiyeni tilowe m'mimba mwa kasinja woyambayo, wotchedwa Mark I. Kunja adali wotalika pafupifupi mamita 8, osawerengera mawilo awiri a kumchira. Wokhala ndi mizinga iwiri ankatchedwa wamwamuna ndipo ankalemera matani 28. Wokhala ndi mfuti zachiwaya zokha ankatchedwa wamkazi. Munthu angaganize kuti m'chinthu chachikulu chotere mudali malo okwanira, koma ayi. Chipinda chidali chimodzi chokha, ndipo pakati penipeni padakhazikidwa injini ya Daimler, imene poyamba inkagwira ntchito m'thirakitala yokoka mizinga. Padalibe khoma lililonse lolekanitsa injiniyo ndi anthu. Kumbuyo kwake kudali magiya, m'mbali monsemo mudali mfuti ndi zipolopolo zake. Mathanki a petulo adawaika pamwamba cha kutsogolo, wina kumanja wina kumanzere, kuti mafuta azitsikira okha ku injini. M'timipata totsalato ndi momwe anthu asanu ndi atatu ankakhala, pansi pa denga lotsika moti munthu wamtali sakadatha kuimirira bwino.

Mwa anthu asanu ndi atatuwo, anayi adali owombera mfuti, ndipo anayi enawo ntchito yawo idali yoyendetsa galimoto imodzi yomweyo. Kutsogolo kunkakhala dalaivala, pambali pake mtsogoleri wa gulu amene ankagwiranso mabuleki. Kumbuyo kudali anthu awiri osintha magiya, wina wa lamba wa kumanja, wina wa lamba wa kumanzere. Kuti kasinja akhote kwambiri ankayamba waima. Dalaivala ankamenya chitsulo ndi sipanala kuti a kumbuyo acheuke, kenaka n'kuwaonetsa ndi zala giya imene ikufunika, pakuti phokoso la m'menemo silinkalola munthu kumva mawu a mnzake. Ngakhale kuliza injini kunkafuna amuna angapo opukusa chigwiriro chachikulu pamodzi. Zoonadi mutu umodzi susenza denga, koma denga limene mitu inayi inkasenzali linkayenda makilomita 6 okha pa ola pa malo abwino, liwiro la munthu woyenda ndawala. Pa matope linkachedwa kuposa pamenepo.

Mavuto a m'katimo adali osaneneka. Injini ikagwira moto, kutentha kwa m'chipindamo kunkafika madigiri 50. Utsi wa injini, fungo la petulo ndi utsi wa wonga zinkasakanikirana, mwakuti asilikali ambiri ankasanza, ena ankakomoka. Kasinja adalibe masipuling'i ochepetsa kugwedezeka, kotero akagwera m'dzenje anthu ankaponyedwa pa injini yamoto kapena pa ngodya za zitsulo. Makoma adali a chitsulo chochindikala mamilimita 6 mpaka 12. Chipolopolo chikamenya kunja, ngakhale chisaboole, tizidutswa ta chitsulo chamoto tinkathetheka m'kati n'kulasa nkhope ndi maso. Pa chifukwa chimenechi asilikali adadzapatsidwa zophimba kumaso zachikopa zolendewera timaunyolo. M'kati adapakamo penti yoyera kuti kuwala kochepa kolowera m'timing'alu toonera kunja kuwathandizeko. Wailesi mudalibe. Pofuna kutumiza uthenga kwa akuluakulu, ankamangirira kakalata ku mwendo wa nkhunda n'kuitulutsira pa kabowo ka m'mbali.

Nkhondo yaikulu ya m'chigawo cha mtsinje wa Somme ku France idayamba pa 1 Julaye 1916, tsiku limene asilikali a Britain oposa 19,000 adaphedwa. Ndi m'nkhondo imeneyi momwe akasinja adayesedwa koyamba, pa 15 Seputembala, pafupi ndi midzi ya Flers ndi Courcelette. Adakonzedwa 49, koma ambiri adawonongeka kapena kutitimira asadafike kwa adani. Ochepa amene adafika adaopseza Ajeremani kwambiri, ndipo manyuzipepala a ku London adalemba za chilombo chatsopanocho mokokomeza. Pa 20 Novembala 1917, ku Cambrai, akasinja oposa 400 a mtundu wa Mark IV adaboola ngalande za adani ndi kulowa makilomita pafupifupi 8 tsiku limodzi. Ku Britain mabelu a matchalitchi adalizidwa pokondwerera. Mabeluwo sadanene kuti pa tsiku lomwelo akasinja oposa 170 adatha ntchito, ena ataphulitsidwa ndi mizinga, ena atatitimira m'ngalande, ena atangowonongeka okha.

Anthu otsala kwawo ku Britain adamukonda kasinja monga momwe adamuonera kunja. Boma lidatumiza akasinja enieni m'mizinda kukakopa anthu kuti alikongoze ndalama zoyendetsera nkhondo, ndipo makamu ankasonkhana kudzawaona. M'masitolo mudadzaza tizifaniziro ta kasinja, tina ta dothi lowotcha tokongoletsera nyumba, tina toseweretsa ana, tina tokhala ndi kabowo koponyamo makobidi. Tonseti m'kati mudali mopanda kanthu. Mayi wogula kachifaniziro kotere kuti akaike pa shelefu sakadadziwa kuti mwana wake, kutsidya kwa nyanja, akupuma utsi atapanikizika pambali pa injini yamoto.

Opanga akasinja adaphunzira pang'onopang'ono kuchokera ku masautso a asilikali. Pa Mark IV petulo adamuchotsa kutsogolo n'kumuika kumbuyo, kunja kwa chipinda cha anthu. Pa Mark V, wa m'chaka cha 1918, Wilson adakonza magiya a mtundu wina kotero kuti munthu mmodzi yekha ankatha kuyendetsa. Komabe injini idakhalabe pakati pa anthu, ndipo utsi ndi kutentha sizidathe. Amene adayala bwino za m'kati adali Afalansa. Louis Renault, mwini fakitale ya magalimoto, molimbikitsidwa ndi msilikali wamkulu Jean-Baptiste Estienne, adapanga kasinja wamng'ono wotchedwa FT, ndipo nayenso adayamba ndi chifaniziro cha matabwa m'chaka cha 1916. M'kasinja ameneyu dalaivala adakhala kutsogolo, mfuti idaikidwa m'kansanja kozungulira mbali zonse pamwamba, ndipo injini idapita kumbuyo, kuseri kwa khoma lachitsulo. Anthu adali awiri okha. Phokoso lidalipobe, mwakuti mtsogoleri, ali m'kansanja kumbuyo kwa dalaivala, ankamuuza kokhotera pomugunda ndi bondo kapena phazi. FT adamenya nkhondo yake yoyamba pa 31 Meyi 1918, ndipo kayalidwe kake ndi kamene akasinja ambiri akhala akutsatira kufikira lero.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945, idaonetsanso kuti moyo wa msilikali umadalira kwambiri malo amene chinthu chilichonse chaikidwa m'katimo. Kasinja wa ku America wotchedwa Sherman, amene adapangidwa pafupifupi 50,000, ankanyamula anthu asanu. M'mitundu yake yoyamba zipolopolo zambiri za mzinga zinkasungidwa m'mbali, pamwamba pa malamba, pamalo pomwe mizinga ya adani inkamenya kawirikawiri. Kasinja akalasidwa zipolopolozo zinkayaka, ndipo anthu ankakhala ndi kanthawi kochepa kwambiri kuti atuluke. M'chaka cha 1944 kudatuluka akasinja a Sherman amene zipolopolo zawo zidatsitsidwira pansi, m'mabokosi ozunguliridwa ndi madzi, ndipo moto udachepa kwambiri. Munthu woimirira kunja sangawaone mabokosi amenewo, chikhalirecho adapulumutsa miyoyo yambiri.

M'nkhondo yomweyi zifaniziro zazing'ono zidagwira ntchito ya usilikali. Magulu ankhondo adapangitsa tizifaniziro ta matabwa ndi ta chitsulo tophunzitsira asilikali kusiyanitsa kasinja wa mdani ndi wa mnzawo akali patali. Pa ntchito imeneyi chofunika chidali maonekedwe a kunja okha, ndiye padalibe woganiza za m'kati. Nkhondo itatha, kudafala luso lothira pulasitiki wosungunuka m'zikombole. Makampani adayamba kugulitsa zifaniziro zosalumikiza, tizidutswa tili m'bokosi, kuti wogula akalumikize yekha ndi guluu. Ku Britain kampani ya Airfix idatulutsa akasinja ake oyamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, pa mlingo wa 1 pa 76, kutanthauza kuti sentimita imodzi ya chifaniziro imaimira masentimita 76 a kasinja weniweni. Ana a asilikali amene adamenya nkhondo ija adagula mabokosi amenewa mwaunyinji, koma m'mimba mwa akasinja awo mudali mopanda kanthu, monga mudalili m'tizifaniziro ta dothi ta agogo awo.

Mbiri yodabwitsa ndi ya ku Japan. Mu mzinda wa Shizuoka, banja la Tamiya lidayamba m'chaka cha 1946 ndi malonda a matabwa, kenaka n'kumapanga zifaniziro za matabwa. Pulasitiki atafika malonda awo adagwa, ndipo chifaniziro chawo choyamba cha pulasitiki, cha sitima yankhondo, sichidagulidwe bwino. Apo adasankha kupanga kasinja wa ku Germany wotchedwa Panther, chifukwa thupi lake la mizere yowongoka silidali lovuta kulisemera chikombole. Chifanizirocho chidayenera kuyenda chokha. Monga adafotokozera mwana wa mwini kampani, Shunsaku Tamiya, adangochipanga chachikulu mokwanira kuti m'kati mulowe kainjini ka magetsi ndi mabatire, ndipo atachiyeza pambuyo pake adapeza kuti chidali pa mlingo wa 1 pa 35. Chidatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 ndipo chidagulidwa kwambiri. Lero mlingo umenewu ndi umene makampani ambiri pa dziko lonse amatsatira popanga zifaniziro za akasinja. Taonani tsono: msinkhu wa chifaniziro udachokera ku za m'kati, koma m'katimo, pamalo pa anthu asanu a m'Panther weniweni, mudali mabatire.

Anthu adabwerera pang'onopang'ono. M'chaka cha 1968 kampani ya Tamiya idayamba kugulitsa tizidole ta asilikali a m'kasinja pa mlingo womwewo. Shunsaku adayendera nyumba zosungiramo zida zakale ku America ndi ku Britain, akuyeza ndi kujambula akasinja enieni. M'zaka za m'ma 1970 zifaniziro zokhala ndi injini ndi mipando m'kati zidayamba kuchuluka, ndipo amisiri osakhutira ankadzipangira okha zotsalazo ndi timapepala ta pulasitiki ndi mawaya. Masiku ano makampani a ku China ndi ku Ukraine amagulitsa mabokosi amene ena mwa iwo amakhala ndi tizidutswa toposa 1,000, ndipo gawo lalikulu la tizidutswato ndi la m'kati. Akasinja a nkhondo yoyamba aja, monga Renault FT ndi Mark V, nawonso akupezeka ndi za m'mimba zawo.

Kodi mmisiri wotere amagwira bwanji ntchito yake? Asadakhudze guluu amayamba wafufuza. Amasonkhanitsa zithunzi zakale, mabuku a malangizo amene asilikali ankapatsidwa, ndi zithunzi za akasinja otsala. Apa pamafunika kusamala, chifukwa kasinja wa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale mwina adapakidwanso penti ina, mwina zida zake zina zidachotsedwa kalekale. Mwa akasinja 150 a Mark I watsala mmodzi yekha, ku Bovington ku Britain, komwenso kuli Little Willie. Choncho mmisiri amayerekezera umboni wa mbali zingapo asadagamule, monga momwe wolemba mbiri aliyense amachitira. Ngakhale mtundu wa penti ndi nkhani yofufuza. M'nkhondo yachiwiri, mwachitsanzo, Aamerika ankapaka penti yoyera m'kati mwa akasinja awo, pomwe Ajeremani ankakonda mtundu wonga wa mnyanga wa njovu.

Kenaka amatenga miyeso. Pa mlingo wa 1 pa 35, kasinja wa mamita 8 amakhala masentimita 23, munthu wamkulu amakhala masentimita 5, ndipo khoma lachitsulo la mamilimita 12 limapyapyala ngati mapepala atatu kapena anayi a m'kope osanjikiza. Tizidutswa amatidula ndi kampeni kakuthwa, n'kutipala, n'kutiyesa kaye popanda guluu kuti aone ngati makoma adzatsekeka injini ikalowa. Mapaipi a mafuta ndi mawaya a magetsi amawapanga ndi tiwaya ta mkuwa tosenda ku nthambo zakale. Zambiri amazigwira ndi kachitsulo kopanira, chifukwa zala za munthu n'zonenepa pa ntchito yotere. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wopupuluma amamata chigwiriro cha giya chozondoka, n'kudzazindikira atatseka kale thupi.

Za m'kati zimapakidwa penti makoma asadalumikizidwe, popeza pambuyo pake burashi singafikemo. Poyamba amapaka penti yoyera ija. Koma chipinda choyera mbee chimanama, chifukwa m'kasinja wa pa nkhondo simudali moyera. Choncho mmisiri amasungunula penti yakuda kapena yofiirira mpaka ikhale ngati madzi, n'kuidontheza m'ngodya ndi mozungulira misomali kuti ioneke ngati mafuta ndi mwaye. Pansi pamene nsapato zinkaponda amapakapo mtundu wa matope. Pa zigwiriro amakhutizapo nsonga ya pensulo kuti pawale ngati chitsulo chosalala ndi manja. Sangachite zimenezi popanda kudzifunsa kuti munthu ankagwira pati, ankaponda pati, ndipo ankatsamira pati kasinja akagwedezeka.

Phunziro lalikulu limadza pamene akuyesa kuikamo anthu. Tiyerekeze kuti akupanga Mark I. Amatenga kachidole ka masentimita 5 n'kukaika pambali pa injini, ndipo amapeza kuti phewa lake likukhudza chitsulo chimene pa kasinja weniweni chidali chamoto. Amaika kachiwiri, kachitatu, kufikira kachisanu ndi chitatu, ndipo malo amatha. Amayang'ana timakomo totulukira n'kuona kuti n'tating'ono, ndi kuti mathanki a petulo ali pafupi ndi anthu awiri a kutsogolo aja. Zimene buku la mbiri limanena m'chiganizo chimodzi, kuti asilikali a m'akasinja oyamba ankavutika, iye amaziona ndi maso ndipo amazimva m'zala. Pomaliza amayenera kusankha. Ena amasiya denga losamata kuti lizichotsedwa. Ena amadula mbali imodzi ya thupi, monga adachitira ndi kasinja weniweni wa mtundu wa Centurion amene ali ku Bovington, wodulidwa pakati kuti alendo aone m'kati. Enanso amangotseka, ntchito ya miyezi n'kubisika, kungotsala kachitseko kamodzi kosuzumirapo.

Pali kasinja weniweni amene adatsekeredwa motero kwa zaka zambiri. Pa tsiku loyamba la nkhondo ya ku Cambrai ija, kasinja wamkazi wa nambala D51, amene ankatchedwa Deborah, adalowa m'mudzi wa Flesquières motsogozedwa ndi Frank Heap. Ali kumapeto kwa mudziwo adalasidwa kangapo ndi mizinga ya Ajeremani. Heap adapulumuka pamodzi ndi ena, koma anzake angapo adafera pomwepo. Pambuyo pake chitsulocho chidakokeredwa m'dzenje n'kukwiriridwa, ndipo chidaiwalika. Munthu wina wa ku Cambrai wokonda mbiri, Philippe Gorczynski, adachifunafuna kwa zaka zingapo kufikira adachipeza m'chaka cha 1998, patatha zaka 81. Lero Deborah akusungidwa m'nyumba yomangidwa pafupi ndi manda a asilikali a Britain pa Flesquières pomwepo. Zilonda zake sadazitseke. Mbali ina ya kutsogolo ndi yong'ambika, ndipo mlendo amatha kuona malo amene anyamata aja adakhala.

Ife amene tidakula tikupinda mawaya kupanga magalimoto oseweretsa tikudziwa kuti galimoto ya mawaya sibisa kanthu: mpando ndi katundu zonse zimaonekera. Kasinja adapangidwa kuti abise. Amabisa anthu ku zipolopolo, ndipo amawabisanso ku maso a amene amaomba m'manja pa perete, ndi a ife amene timawerenga za nkhondo patapita zaka. Wophunzira amene amangoloweza masiku a nkhondo, maina a akazembe ndi chiwerengero cha akasinja ali ngati mayi uja wogula kachifaniziro ka dothi: chimene wagwira ndi chigoba. Mmisiri amene amachezera usiku akumata kampando kochepa kuposa chikhadabo, kamene mwina palibe adzakaone, akugwira ntchito imene wolemba mbiri wabwino amagwira, yobwezera anthu pamalo pawo. Choncho mukadzaona chithunzi cha kasinja m'buku kapena pa kanema, musadzathere pa kuyamikira kukula kwa mzinga. Mudzayambe mwafuna timakomo, ndipo mudzadzifunse kuti m'katimo muli ana a anthu angati, ndi kuti moto ukabuka adzatulukira pati.